Kathumba ka “not” ndi ka ndani?

Mukakwera kabaza pa Nchalo kapena pa Bangula muli ndi kathumba m'manja, wakabaza wodziwa ntchito yake salola kuti mukafungatire. Amakalandira n'kukakoloweka pa handulo, kuti manja anu onse awiri agwire kaliyala njinga ikamadumpha m'maenje. Munthu woima m'mbali mwa msewu angayese kuti kathumbako ndi ka wopalasayo, poti kakulendewera pamaso pake. Koma inu mukudziwa mwini wake, iyenso akudziwa. Mukafika amakakolola n'kukupatsani, popanda mkangano.

Chingerezi chimachita zomwezi ndi kamawu kake kokanira, kaja kakuti “not”. Ana athu amapunthwa pamenepa pa mayeso. Ife akuluakulu timapunthwanso kuchipatala, ku ofesi ndi pa foni, koma ife ndiye sitidziwa n'komwe kuti tapunthwa, chifukwa palibe amene amatibwezera pepala.

Tengani chiganizo ichi: “I think it will rain.” Pa njingayi pali anthu awiri. Wopalasa ndi “I think”, ine amene ndikuganiza. Wokwera kumbuyo ndi “it will rain”, nkhani yeniyeniyo, yakuti mvula igwa. Tsopano tinene kuti mwayang'ana kumwamba, mwamva kumene mphepo ikuchokera, ndipo mwaona kuti lero kulibe mvula. Chimene mukukana ndi mvulayo, ndiye kuti kathumba ka “not” ndi ka wokwera. Mutha kumusiyira m'manja n'kunena kuti “I think it will not rain”, ndipo mphunzitsi sangakulembereni mtanda. Koma eni chinenerocho kawirikawiri satero. Amakatenga n'kukakoloweka kutsogolo: “I don't think it will rain.” Wonena mawu amenewa sanasiye kuganiza ayi. Maganizo ali nawo, ndipo ndi akuti mvula sigwa.

Musadabwe nazo ngati zachilendo, nafenso timatero. Mayi akauza mwana kuti “Sindikufuna kuti upite kudimba lero,” mwanayo sayesa kuti mayi ake alibe nazo kanthu, apite asapite. Amamva bwinobwino kuti chofuna chawo n'chakuti asapite. “Si-” uja wakhala pa kufuna, koma ntchito akugwirira pa kupita. N'chimodzimodzi munthu akati “Sindikukhulupirira kuti abwera.” Kusiyana kwathu ndi Angerezi n'kwakuti ife njira zonse ziwiri timadutsamo mofanana, moti “ndikuona ngati sabwera” ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Iwo anazolowera kwambiri handulo. Kusiya “not” m'manja mwa wokwera kumamveka kwa iwo ngati munthuyo akutsindika dala, mwinanso wapsako mtima.

Chimene amachitira zimenezi ndi ulemu. Mukauza mnzanu kuti “I think you are not right”, mwamugunda pachifuwa. Mukati “I don't think you are right”, mwanena zomwezo, koma mwamusiyira mpata woti ayankhe asanachite manyazi. Akatswiri a zinenero anaziona kale. Otto Jespersen wa ku Denmark anazitchula mu 1917 m'buku lake lofotokoza kukana m'Chingerezi ndi m'zinenero zina, ndipo Laurence Horn wa ku America anatulutsa mu 1989 buku lonenepa lokamba za kukana basi. Munthu kutha zaka akulemba za “ayi”! Koma mukamaliza kuwerenga pano mwina simumuseka kwambiri.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikufuna muimve bwino. Chimene chafewa ndi kalankhulidwe, uthenga sunafewe. Kuyambira 1997, pamene madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu opita ku Makhanga akhala akudalira mabwato kwa zaka zambiri. Tinene kuti muli pa doko pa Mtayamoyo, madzi afiira, akutsika ndi zitsa ndi namasupuni, ndipo mlendo amene muli naye, kaya ndi namwino kaya ndi wa bungwe, wayang'ana n'kunena kuti “I don't think it is safe to cross.” Womasulira wopupuluma auza anzake kuti, “Akuti sakudziwa ngati kuli bwino kuwoloka.” Walakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kungakweze anthu m'bwato. Mlendoyo sananene kuti sakudziwa. Wanena kuti, monga akuonera iye, kuwoloka lero n'koopsa. Womasulirayo waona kathumba pa handulo n'kuyesa kuti ndi ka wopalasa.

Mungafunse kuti tidziwa bwanji kuti kathumbako ndi ka wokweradi. Chingerezi chimadziulula chokha pa timafunso tija ta kumapeto kwa chiganizo. Ana amaphunzira ku pulayimale kuti chiganizo chovomereza chimatenga kafunso kokana, ndipo chokana chimatenga kovomereza: “It will rain, won't it?” koma “It won't rain, will it?” Ndiye apatseni ichi kuti amalize: “I don't think it will rain”. Ambiri alemba “do I?” poona kuti “don't” ali pa “I”. Ena alemba “won't it?” poona kuti “it will rain” palibe chokana chilichonse. Onsewo aphonya. Yankho lake ndi “will it?”, ndendende ngati chiganizocho chikanakhala “It won't rain”. Pofika kumapeto kwa ulendo, chinenerocho chakolola kathumba n'kumubwezera mwini wake. Mwana wanu wa Fomu 4 mufotokozereni motere m'malo momuuza kuti angoloweza, pakuti mukudziwa kuti satifiketi ya MSCE siituluka munthu akalephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Umboni wina uli pa timawu “any” ndi “yet”, timene timakonda kuyenda ndi kukana. Timati “They have some maize”, koma “They don't have any maize”. Tsopano mverani: “I don't think they have any maize.” Mbali ya chimangayo mulibe “not” wooneka, komabe “some” wasanduka “any”. Wokwerayo akukhala ngati munthu amene akudziwa kuti katundu wake ali pa njinga pomwepo. “I don't think the lorry has come yet” ndi chimodzimodzi.

Koma si wakabaza aliyense amene amanyamulira wokwera. Mawu amene amatero m'Chingerezi ndi a kuganizira ndi a kufuna: “think”, “believe”, “suppose”, “imagine”, “expect”, “want”, “seem”, “likely”. Onsewa ndi mawu a munthu amene sanagwire chinthucho ndi manja, akungoyerekeza kapena kulakalaka. “He doesn't seem to be well” ndiye kuti akuoneka kuti sali bwino. “She doesn't want you to go” ndi mayi aja a kudimba. Mukachoka pa gulu limeneli n'kufika pa mawu a kudziwa ndi kutsimikiza, zinthu zimatembenuka. Pa njinga ya “know” ndi ya “sure”, chilichonse cholendewera pa handulo ndi cha wopalasa mwini.

Kumbukirani Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kudula msewu wa M1 m'chigwa cha Shire muno. Tinene kuti m'bale wanu ali ku Blantyre, akufuna kutsika phiri kudzakuonani, ndipo waimbira munthu kufunsa za msewu. Akamuyankha kuti “I am not sure the road is open”, woyankhayo akunena za iye mwini: sakudziwa, mwina watseguka mwina ayi, afunsenso kwina. Akamuyankha kuti “I am sure the road is not open”, asapake n'komwe chikwama. Mawu ndi omwewo, angosinthana malo, koma uthenga ndi wosiyaniratu. Nanga “I don't think the road is open” agwera kuti? Ali pafupi ndi lachiwirilo kusiyana ndi loyambalo. Munthuyo akuti msewu ngwotseka, angosiyako kampata kuti mwina m'mawa uno akonza iye asanamve.

Mawu akuti “say” ndi oti muwasamale kwambiri, chifukwa amatifikitsa kukhoti, kumene zolemba zimasungidwa m'Chingerezi. Pa mlandu wa ng'ombe yosowa ku Ngabu, mboni imene yanena kuti “I didn't say he stole it” yangodzichotsapo: ine sindinanene kuti waba. Kaya waba kaya sanabe, iyo siinakhudzepo. Koma imene yanena kuti “I said he didn't steal it” yaikira kumbuyo woimbidwa mlanduyo. Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi bwino lomwe, ndipo mkulu aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu amadziwa kuti “sindinanene kuti waba” si “ndinanena kuti sanabe”. Chofunika n'kungosamala kuti chizolowezi cha “think” chisatikokere kuno.

Ndiye pali “hope”, wakabaza wamakani. Mwa maonekedwe ake mungayese ali m'gulu la “want” ndi “expect”, koma amakaniratu kunyamulira wokwera. Mukafuna kunena kuti mukulakalaka Shire asasefukire, “not” akhale kumbuyo: “I hope the river doesn't rise.” Mukati “I don't hope the river rises”, Mngerezi akwinya nkhope, sizimveka. Musandifunse chifukwa chake, palibe cha nzeru. Ajeremani mawu awo a “hope” amanyamulira wokwera bwinobwino, a Angerezi amakana. Ndi khalidwe chabe la chinenero, ndipo apa pokha ndivomera kuti mwana angoloweza.

Makani a “hope” amaonekera bwino pa mayankho afupiafupi. Wina akafunsa ngati mvula igwe, simubwereza chiganizo chonse. Povomera mumaika “so” m'malo mwa wokwera yense: “I think so”, “I hope so”, “I'm afraid so”. Pokana njira zimagawikana. “Think” amati “I don't think so”. “I think not” liliko, koma limamveka la m'mabuku kapena la munthu wodzimva. “Suppose” ndi “expect” amalola zonse ziwiri, “I don't suppose so” ndi “I suppose not”. Koma “hope” ali ndi njira imodzi yokha, “I hope not”, ndipo “I don't hope so” kulibe. “Afraid” nayenso ndi “I'm afraid not” basi. Ameneyu musamumasulire ngati mantha. Kalaliki amene mwamufunsa ngati dzina lanu lili pa mndandanda n'kukuyankhani kuti “I'm afraid not” sakuopa chilichonse. Akukuuzani kuti mulibe, ndipo akupepesa.

Pali chisokonezo china chimene chimachokera kwathu kuno. Ife “kuyembekezera” timakugwiritsa ntchito pa zimene tikulakalaka ndi pa zimene tikungoona kuti zikubwera, zabwino kaya zoipa. Timayembekezera zokolola, timayembekezeranso njala. Chingerezi chinagawa: “hope” ndi za zimene mtima ukufuna, “expect” ndi za zimene mutu ukuona. N'chifukwa chake mumamva mwana wa sukulu akuti “I hope my uncle is sick” pofuna kunena kuti akuganiza kuti amalume ake akudwala. Kwa mwini chinenero, mwanayo walodza amalume ake. Anayenera kunena “I think”, kapena “I'm afraid” ngati akumva chisoni. Ndipo wa zanyengo akati “We expect floods”, musamude ngati akukufunirani zoipa. Iye akungonena zimene akuona pa zipangizo zake.

Tikhalepo pang'ono pa zanyengozi, chifukwa kwa ife a m'chigwa ndi nkhani ya moyo. Nthambi ya boma yoona zanyengo ndi ya DoDMA, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amatulutsa machenjezo, ndipo ambiri amayamba kulembedwa m'Chingerezi asanamasuliridwe pa wailesi kapena kutumizidwa pa WhatsApp. Tinene mwawerenga kuti “We do not expect heavy rain in Nsanje.” Mwadziwa kale kumasulira kwake: akuona kuti ku Nsanje mvula yamphamvu sigwa. Koma funsani kuti wokwera pa njingayi ndi ndani. Ndi mvula ya ku Nsanje, osati madzi osefukira. Kathumbako ndi ka munthu mmodzi yekhayo. Aliyense wokulira ku Makhanga amadziwa kuti madzi amene amagwetsa nyumba sachokera pa mtambo uli pamutu pake. Amachokera ku Mulanje ndi ku Thyolo kudzera mu mtsinje wa Ruo, ena amatsika ndi Mwanza ndi Shire, ndipo amatha kufika usiku kumwamba kuli nyenyezi. Choncho chiganizo chija chitha kukhala choona, inu n'kudzuka mphasa ikuyandama.

Pa machenjezo omwewo mupezanso mawu ngati “unlikely” ndi “cannot be ruled out”. Loyambalo likuti sizikuoneka kuti zichitika, koma silinalumbire. Lachiwirilo lili ndi “not” mkati, ndipo maso othamanga amaona “cannot” n'kupumula. Chonsecho “Flooding cannot be ruled out” akutanthauza kuti sangakane kuti madzi atha kusefukira. Amenewo ndi mawu oti muyambe kukweza mbewu ndi mabulangete pamwamba, ndi kuona kumene mbuzi zigone.

Tikabwerera m'mbuyo, ku zinthu zimene zinachitika kale, mawu omwewa amanyamula kudabwa. “I didn't expect the water to come at night” ndiye kuti madziwo anabweradi usiku, ndipo munthuyo anadzidzimuka. Munthu mukamufikira pakhomo n'kukulandirani ndi mawu akuti “I didn't think you would come”, musatembenuke kubwerera. Sakunena kuti sanakufuneni. Akuti anali atataya mtima, ndipo wakondwa kuti mwamutsutsa.

Pa zinthu zakale zomwezi palinso “was supposed to”, amene alibe “not” wooneka koma pafupifupi nthawi zonse amanena za chinthu chimene chinalephereka. Anthu a ku Nsanje safuna mphunzitsi pa ameneyu. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje World Inland Port pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Chombo chimene chinkayembekezeka kukwera ndi Zambezi ndi Shire kudzakocheza pa mwambowo chinaimitsidwa ndi akuluakulu a boma la Mozambique, ndipo sichinafike. M'Chingerezi nkhani yonseyo imakwana m'chiganizo chimodzi: “The barge was supposed to arrive.” Simufunikanso kuwonjezera kuti sichinabwere, womvera wamva kale. Koma mukaika “not” pa nthawi ya lero, “You are not supposed to park here”, limenelo ndi lamulo loletsa lovala ulemu. Sakuti mukhoza kusankha.

Mukafunsa munthu pa Nsanje Boma lero ngati zombo zidzayambe kukocheza chaka chino, yankho lalifupi la Chingerezi ndi “I doubt it”, lathu lija lakuti ndakayika. “Doubt” ndi wakabaza amene kathumba sanakakoloweke pa handulo, wakabisa m'malaya. Simukaona, koma kalipo. “I doubt the ship will come” ndi wofanana ndi “I don't think the ship will come”. Vuto limabwera munthu akayesa kuti kathumba kaiwalika n'kuwonjezera kena: “I doubt the ship will not come.” Tsopano mwakana kawiri, ndipo mwanena zosemphana ndi zimene mumafuna, kuti mukuona ngati chibwera. Cholakwa chomwechi chimachitika ndi “think”. Ndimaona m'makalata a ana a sukulu ziganizo ngati “I don't think he will not pass”, mwanayo akufuna kunena kuti mnzakeyo alephera. Wapachika kathumba kutsogolo, kena wasiya kumbuyo, ndipo m'Chingerezi cha kusukulu tiwiri timeneti timafafanizana. Wokwera mmodzi, kathumba kamodzi.

Mukakana “doubt” mwadala, ndiye kuti mwatsimikiza: “I don't doubt that she is honest” ndi kuyamikira. Koma “no doubt” ali ndi kachinyengo. Pomuona mungati ndi wamphamvu kuposa onse, chonsecho pakamwa pa eni ake anafooka, amangotanthauza kuti mwina ndithu. “No doubt he will pay you” ndi mawu a munthu amene sakufuna kukulonjezani. Wofuna kulumbira amati “without a doubt” kapena “there is no doubt”.

Wina wobisa m'malaya ndi “hardly”, ndipo palibe malo abwino omuphunzirira kuposa chigwa chino. Mu Januwale 2015 mvula inagwa mpaka boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, anthu a ku Makhanga n'kumapulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege za helikopita. Chimenecho ndi “It rained hard.” Dzinja lotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, chimanga n'kupserera m'munda chisanamasule. Chimenecho ndi “It hardly rained.” Zilembo ziwiri zokha, koma china ndi chigumula, china ndi chilala. Mwana wofuna kuyamikira bambo ake n'kulemba kuti “My father hardly works” wawanena kuti ndi alesi.

Tsopano tifike pa mafunso okana, pamene ambiri a ife timagwera ngakhale tinapita patali ndi sukulu. Mngerezi akaika “not” m'funso, amakhala akuonetsa zimene amayembekezera. “Have you eaten?” ndi funso wamba. “Haven't you eaten?” ndi la munthu amene ankayesa kuti mwadya, ndipo akudabwa. Nthawi zina ndi ulemu chabe, monga “Won't you sit down?”, kumene kuli kukupatsani mpando. Palinso kapemphedwe kakuti “I don't suppose you could lend me your bicycle?”, kamene pokamva koyamba mungati munthuyo wadzikaniza yekha. Koma ndi kathu komwe kaja: “Simungandibwerekeko njinga?” Timapempha mokana kuti mnzathu asavutike kukana ngati sangathe. Pamenepa ife ndi iwo tili limodzi.

Timasiyana poyankha. Wina akakufunsani kuti “Simunalandire?” inu musanalandiredi, mumati “Inde”, kapena “Eya”. Mukuvomereza wofunsayo: mwanena zoona, sindinalandire. Mngerezi sayankha wofunsa, amayankha nkhaniyo. Kwa iye “yes” amayenda ndi kulandira, “no” amayenda ndi kusalandira, kaya funso linabwera ndi “not” kaya linabwera lopanda. “Did you receive?” ndi “Didn't you receive?” yankho lake ndi limodzi: ngati simunalandire, “No”. Ndiye taganizirani pa msasa wa anthu othawa madzi, monga misasa yambiri imene inalipo m'chigwa muno pambuyo pa namondwe Idai mu 2019 ndi namondwe Freddy mu 2023. Wolemba mayina amene sadziwa Chichewa kapena Chisena wafunsa mayi wina kuti “Didn't you get a blanket?” Mayiyo anafikako ku sekondale, Chingerezi amamva, ndipo ayankha mwaulemu kuti “Yes”, kutanthauza kuti inde, sindinalandire. Wolembayo achonga kuti walandira n'kuitana wotsatira. Palibe amene wanama, palibe amene waba, koma mayiyo agona popanda chofunda. Kuchipatala n'chimodzimodzi: “You haven't taken any medicine?” Wodwala ati “Yes”, ndipo dokotala wachilendo atsala akufunsa kuti mankhwala ake ati.

Ine sindivomereza aphunzitsi amene amaseka mwana pa cholakwa chimenechi ngati kuti n'kupusa. Kayankhidwe kathu kali ndi nzeru zake, ndipo si ife tokha. Anthu a ku Japan ndi ku Korea amayankha ngati ife, ndipo nawonso amavutika ndi Chingerezi pa malo omwewa. Angerezi eni ake nthawi zina amasokonezana, mpaka kufunsana kuti “yes” wakeyo ndi uti. Chimene mwana akufunika ndi kumuonetsa kuti pali njira ziwiri, n'kumuuza kuti akalowa m'Chingerezi asinthe mbali.

Njira yosavuta ndi kusalola “yes” kapena “no” kuyenda yekha funso likakhala ndi “not”. Mupatseni mnzake: “No, I didn't”, “Yes, I did”, “No, I haven't”. Lamulo lake n'lakuti mbali ziwirizo zigwirizane, “no” ndi “didn't”, “yes” ndi “did”. Mukadzimva mukunena “Yes, I didn't”, dziwani kuti pakamwa pali Chingerezi koma mutu ukuyankha m'Chichewa. Ngati zikukuvutani pa nthawi yothina, siyani zonse ziwiri n'kungonena nkhaniyo: “I did not get a blanket.” Palibe angakumveni molakwa.

Ndipo inu amene mumagwira ntchito yofunsa anthu, alangizi a zaumoyo, olemba mayina, anamwino, aphunzitsi, mbali yaikulu ndi yanu. Mukamafunsa m'Chingerezi, kapena mukamamasulirira mlendo, chotsani “not” m'funso. Funsani kuti “Did you get a blanket?” Munthu akayankha ndi liwu limodzi pa funso lokana la mlendoyo, musalembe msanga. Mufunseninso m'chinenero chake kuti, “Mwalandira kapena simunalandire?” ndipo mulembe zimene wanena ndi pakamwa pake.